Musanamange ku Mlowe: ufulu wa wobwera ndi zimene eni dera akuyembekeza

Mlowe ali m'mphepete mwa nyanja m'boma la Rumphi, kumwera kwa Chiweta, pafupi ndi pomwe mtsinje wa South Rukuru umathira m'nyanja utachoka kumtunda kudutsa pa Njakwa. Kumbuyo kuli mapiri otsetsereka, kutsogolo kuli madzi, ndipo malo athyathyathya pakati pa ziwirizi ndi ochepa. Ndi dera la Mfumu Yaikulu Mwamlowe. Anthu ake amayankhula Chitumbuka, amadya kondowole ndi usipa, ndipo ambiri ndi a mpingo wa CCAP wa Sinodi ya Livingstonia. Obwera sasowa: mphunzitsi wotumizidwa ndi boma, namwino, wogula usipa wochokera ku Lilongwe kapena ku Limbe amene anabwera mwezi umodzi n'kukhalitsa, mayi wokwatiwa kumeneko, ndi wopuma pa ntchito wofuna kanyumba koyang'ana kunyanja. Onsewa amafunsa funso limodzi, ngakhale ena salitchula: kodi ine kuno ndili ndi ufulu wanji?

Yankho loyamba lili m'Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994. Gawo 39 likupatsa munthu aliyense ufulu woyenda ndi wokhala paliponse m'malire a Malawi. Gawo 20 likuletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu wake, chiyankhulo, chipembedzo, ndale kapena kuti ndi mkazi kapena mwamuna. Mlomwe wa ku Phalombe safunika chiphaso kuti akakhale ku Mlowe, monganso Mtumbuka wa ku Mlowe safunika chiphaso kuti akachite lendi ku Ndirande. Palibe mfumu, khansala kapena komiti imene lamulo laipatsa mphamvu yothamangitsa nzika ya dziko lino chifukwa choti makolo ake sanabadwire pamalopo. Amene amafunika zikalata za ofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko ndi nzika za maiko ena, monga ochokera kutsidya kwa nyanja ku Tanzania.

Koma ufulu wokhala m'dera ndi wosiyana ndi ufulu wotenga malo m'deralo. Apa ndi pomwe anthu ambiri amapunthwa, ndipo ndi pomwe ndichedwepo.

Nkhani ya malo

Pafupifupi malo onse amene mungawalozeredwe ku Mlowe ndi a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu. Chitsamba chimene inu mukuona ngati thengo chili ndi mwini: ndi munda wa chinangwa wogonekedwa, kapena ndi pomwe panali nyumba ya agogo a munthu amene pano ali ku Johannesburg ndipo adzabwera. Kwa Atumbuka malo amayenda kuchimuna, kuchoka kwa bambo kupita kwa ana. Ife ozolowera kuti munda ndi wa mbumba ndipo mwini mbumba ndi malume, tiyenera kusamala, chifukwa munthu amene tingaganize kuti ndiye woyankhula pa malo akhoza kukhala wopanda mawu konse. Amene ali ndi mawu ndi abale a kuchimuna, ndipo nthawi zambiri sakhala mmodzi.

Mu 2016 nyumba ya malamulo inavomereza malamulo atsopano a za malo, kuphatikizapo la Customary Land Act lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018. Lamuloli linakhazikitsa komiti ya za malo pa gulupu aliyense. Wapampando ndi gulupu mwini, ndipo anthu a m'deralo amasankha ena asanu ndi mmodzi, osachepera atatu mwa iwo akhale amayi. Pali mlembi wa za malo wolembedwa ntchito ndi khonsolo amene amasunga mabuku. Cholinga chake n'chakuti mfumu isamagawe malo yokha kuseri, komanso kuti munthu kapena banja lithe kulembetsa malo awo n'kulandira satifiketi. Rumphi ndi limodzi mwa maboma atatu, pamodzi ndi Kasungu ndi Phalombe, momwe kalembera wa mtunduwu anayesedwa koyamba. Ntchitoyi ikufalikira pang'onopang'ono, choncho funso lanu loyamba kwa gulupu ndi ku ofesi ya za malo ya khonsolo ya Rumphi likhale lakuti: kodi komiti ya dera lino ilipo, nanga malo amene ndikuwafunawa analembetsedwa m'dzina la yani?

Mu 2022 malamulowa anakonzedwanso, ndipo anakhwimitsa kwambiri nkhani yogulitsa malo a makolo ndi yopereka malo kwa anthu omwe si nzika za Malawi. Tanthauzo lake kwa inu n'loti kapepala kothothola mu kope ya mwana wa sukulu, kolembedwa kuti "ine uje ndagulitsa malo anga kwa uje", kokhala ndi chidindo cha nyakwawa pansi pake, sikakupangani kukhala mwini malo pamaso pa lamulo. Kakhoza kukuthandizani kutsimikiza kuti munapereka ndalama, basi. Anthu amanga nyumba za njerwa zootcha pa chikhulupiriro cha kapepala kotere, kenako mng'ono wa wogulitsa n'kutulukira kuchokera ku Joni kunena kuti iye sanafunsidwe, ndipo mlandu wake umatha zaka.

Njira yabwino ndi yochedwa. Pitani kwa nyakwawa ndi munthu wa m'mudzimo amene akukudziwani, osati nokha. Nenani chimene mukufuna: pomanga nyumba, podzala mbewu kapena pochitira malonda, chifukwa zitatuzi sizilandiridwa mofanana. Pemphani kuti banja lonse la eni malo likhalepo. Tsiku loyenda malire, aitanidwe oyandikana nawo mbali zonse. Muone ndi maso anu pamene mkulu wa banja akuloza kuti kuchokera pa mtengo wa mango uwu, kutsika ndi kakhwawa aka, kukafika pa mwala uwo, ndipo woyandikana nayeyo avomere pakamwa anthu akumva. Ngati wina wang'ung'udza kapena wachokapo mwakachetechete, musaumbe njerwa. Pali nkhani imene simunauzidwe. Zonse zilembedwe, mayina a mboni, tsiku ndi zizindikiro za malire, ndipo nkhaniyo ifike kwa gulupu ndi kwa Mfumu Yaikulu. Dzalani mitengo m'malire sabata yomweyo.

Wofuna kumanga zazikulu, monga malo ogona alendo kapena nyumba yoti adzakongolere ndalama kubanki, afunika lizi. Imeneyi imachokera ku Unduna wa za Malo, kudzera kwa bwanamkubwa wa boma ndi ofesi ya chigawo cha kumpoto ku Mzuzu. Pamafunika chilolezo cholembedwa cha mafumu, kuyeza malo ndi akatswiri ovomerezeka, ndipo mukailandira mumalipira msonkho wa malo chaka ndi chaka. Dziwaninso kuti lamulo la Physical Planning Act la 2016 linaika dziko lonse pansi pa ndondomeko ya kamangidwe, kotero mawu oti "kuno ndi kumudzi, mapulani ndi a m'tauni" sakugwiranso ntchito pa zomanga zikuluzikulu.

Za m'mbali mwenimweni mwa madzi ndiyankhule mosabisa. Gombe ndi pomwe amayi amachapa ndi kutunga, pomwe mabwato amakocheza, pomwe pali matandala oyanikapo usipa. Mukadzafika m'mawa asodzi a chilimira atangobwera, mudzaona kuti palibe mpata wa mchenga umene ulibe ntchito: apa akuyeza nsomba ndi zigoba, apo akusoka ukonde, uko ana akutsuka mbale. Wobwera amene amamanga mpanda mpaka m'madzi n'kutseka njira ya anthu walakwira mudzi wonse, ndipo ngakhale atakhala ndi mapepala sadzagona tulo. Nyanja nayo ili ndi malire ake. Mu 2024 madzi anakwera kwambiri mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'maboma angapo a m'mphepete mwa nyanja. Funsani akuluakulu pomwe madzi anafikapo kale, ndipo mumange kumtunda kwake. Funsaninso komwe madzi a m'mapiri amadzera mvula ikachuluka.

Boma likadzafuna malo anu pa ntchito ya chitukuko, monga msewu kapena mzere wa magetsi, gawo 28 ndi gawo 44 a Malamulo Oyendetsera Dziko akukutetezani: katundu wa munthu salandidwa mwachisawawa, pamafunika kukudziwitsani nthawi ilipo, kukupatsani chipepeso choyenera, ndipo muli ndi ufulu wokadandaula kukhoti. Chipepesocho chimapita kwa amene akudziwika kuti ndiye mwini, n'chifukwa chake kulembetsa kuli kofunika.

Ambiri amayamba ndi lendi, ndipo ndi nzeru. Lembani pangano ngakhale nyumbayo ndi ya mnzanu wa kutchalitchi: ndalama zingati, tsiku lolipira, wokonza denga likadontha ndi ndani, ndiponso miyezi ingati yochenjezana wina akafuna kuthetsa panganolo. Sungani umboni wa malipiro, ngakhale mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba. Mukasemphana pa ngongole ya lendi, nkhaniyo ipite kwa mfumu kapena kukhoti la majisitireti. Kuzula chitseko kapena kutaya katundu wa munthu panja si njira ya lamulo.

Amayi okwatiwa kumeneko

Mayi wochoka ku chikamwini kukakhala kwa mwamuna kumene kunaperekedwa malowolo amapeza kuti nyumba, munda ndi dzina la ana zonse zikuwerengedwa kuchimuna. Mwambowo uli ndi ubwino wake, ndipo gawo 26 likulemekeza chikhalidwe cha aliyense. Koma mwambo sungapose Malamulo Oyendetsera Dziko. Gawo 24 likunena kuti mayi ali ndi ufulu wokhala ndi katundu payekha kapena pamodzi ndi ena, ndipo banja likatha ayenera kugawiridwa mwachilungamo katundu amene anapeza limodzi ndi mwamuna wake. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu wa kupolisi. Mayi wamasiye sayenera kuuzidwa kuti anyamule mbale zake abwerere kwawo ku Dedza maliro atangotha.

Ndikulangiza mabanja otere zinthu ziwiri. Polembetsa malo kapena nyumba imene mwamanga limodzi, mayina onse awiri alembedwe. Ndipo lembani wilo mukadali ndi mphamvu, pamaso pa mboni ziwiri zomwe sizidzalandirapo kanthu. Pa za ana aakazi, kuyambira 2017 Malamulo Oyendetsera Dziko salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, kaya makolo avomereza kaya ng'ombe zaperekedwa. Kumadoko kumene ndalama ya nsomba imayenda, wobwera ndi chikwama chake akumbukire kuti mtsikana wa sukulu ndi mwana, ndipo lamulo silimva zoti anavomera yekha.

Dera lokhala ndi mbiri

Kumpoto kwa gombe lino kuli phiri la Khondowe, pomwe Dr Robert Laws anakhazikitsa mishoni ya Livingstonia mu 1894 atachoka ku Bandawe, komwenso anafika mu 1881 kuchokera ku Cape Maclear. Nyumba yake ya miyala ya Stone House pano ikusunga zinthu zakale. Msewu wokhotakhota wa Gorodi umakwera kuchokera pa Chitimba. Chipatala cha David Gordon Memorial chili pamwamba pomwepo, ndipo zipatala zazing'ono za Sinodi za kunyanja, monga cha Mlowe, Luwuchi, Tcharo ndi Zunga, ndi nthambi za ntchito yomweyo. Sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda pa nyanjayi mu 1951, yakhala ikuima pa Mlowe pa ulendo wake wa pakati pa Nkhata Bay ndi Chilumba. Mishoni isanabwere kunali kale mafumu, osula zitsulo a Chiphoka m'mapiri, ndi njira za malonda zowoloka nyanja zimene Atumbuka amakumbukira chaka ndi chaka pa mwambo wa Gonapamuhanya ku Bolero.

Mbiri imeneyi ili ndi lamulo loiteteza, la Monuments and Relics Act la 1990. Pokumba maziko kapena dzenje la chimbudzi mukhoza kupeza miphika yakale, mikanda, zotsalira za ng'anjo yosungunulira chitsulo kapena mafupa a anthu. Imitsani ntchito, uzani mfumu, ndipo nkhani ifike kwa bwanamkubwa kuti adziwitse nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Kubisa, kuphwanya, kugulitsa kwa alendo kapena kutumiza kunja zinthu zotere popanda chilolezo ndi mlandu. Anthu ena amakwirira msanga poopa kuti malo awalanda. Ndikumvetsa mantha awo, koma chimene chakwiriridwacho mwina ndi umboni wokhawo wa anthu amene anakhala pamenepo zaka mazana apitawo, ndipo sichidzapezekanso. Manda, ngakhale akale oti mitumbira inafafanizika, sakhudzidwa popanda eni ake ndi mafumu. Malo a mishoni nawo ali ndi mwini: sukulu, tchalitchi, chipatala ndi mabwalo ake ndi za Sinodi, ndipo amene angakulozereni puloti mkati mwa malire amenewo akukugulitsani mlandu.

Nyanja, mitengo ndi ukhondo

Wofuna kulowa usodzi adziwe lamulo la 1997 losamalira nsomba. Zida zophera nsomba zamalonda zimafunika laisensi ya nthambi ya za usodzi, ndipo pa doko pali komiti ya m'mudzi yoyang'anira gombe imene ili ndi malamulo ake. Kupha nsomba ndi neti ya udzudzu n'koletsedwa, chimodzimodzi mankhwala. Pali nyengo imene makoka ena amaletsedwa kuti nsomba ziswane, ndipo kwa asodzi ang'onoang'ono yakhala ikugwa mu Novembala ndi Disembala. Kadzionetseni ku komitiyo musanaike bwato pamadzi.

Mapiri a kumbuyo kwa Mlowe akadulidwa mitengo, matope ndi miyala zimatsikira pa nyumba za anthu. Lamulo la nkhalango la 1997, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuotcha, kunyamula ndi kugulitsa makala popanda chilolezo. Wobwera wogula matumba a makala mwezi ndi mwezi ali nawo mbali pa kugumuka kwa phirilo. Za chimbudzi sindichulutsa: mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unasautsa kwambiri madera a kunyanja, ndipo nyumba imayamba ndi chimbudzi, kutali ndi madzi. Kukumba mjigo kumafunika chilolezo pansi pa lamulo la za madzi la 2013.

Kukhala mmodzi wa iwo

Mukakhazikika, mfumu ikulembeni m'buku la mudzi, chifukwa mayina a olandira thandizo pa ngozi kapena pa ndondomeko za boma amachokera m'menemo. Chiphaso cha unzika cha NRB, chimene aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo ayenera kukhala nacho, chimagwira ntchito paliponse, simufunika china. Gawo 40 la Malamulo Oyendetsera Dziko likukupatsani ufulu wovota ndi wopikisana nawo, ndipo bungwe la MEC likatsegula nthawi yosamutsa mayina, samutsani lanu kuti muzisankha khansala ndi phungu wa komwe mukukhala. Mwana wanu ali ndi malo pa sukulu ya pulayimale ya boma kapena yothandizidwa ndi boma, ndipo sangakanizidwe chifukwa cha mpingo wa makolo ake kapena chifukwa sadziwa Chitumbuka. Pa zipatala za mishoni pamakhala kulipira, ngakhale zina zili ndi mgwirizano ndi boma wothandiza amayi oyembekezera ndi ana aang'ono mwaulere, funsani musanadwale.

Misonkhano ya komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi ya dera ndi yanunso. Kumeneko ndi komwe kumakambidwa za mlatho, mjigo ndi chipinda chophunzirira, ndipo lamulo la 2017 lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, likukulolani kufunsa khonsolo mwa kalata kuti ndalama za ntchito yakuti zinayenda bwanji. Koma mawu a munthu pa msonkhano amalemera malinga ndi momwe amaonekera pa zovuta. Palibe lamulo lokukakamizani kupita kumaliro, kusenza mchenga wa sukulu kapena kuphunzira kupereka moni m'Chitumbuka. Komabe tsiku limene malire anu adzatsutsidwe, mboni zanu zidzakhala anthu omwewo amene munakhala nawo pa siwa usiku wonse.

Pali ngozi ina imene imagwera obwera ndi okalamba. Malonda akamayenda bwino, kapena mwana akamwalira mwadzidzidzi pafupi ndi nyumba yanu, pakhoza kubuka mphekesera za ufiti. Lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo limati kutchula munthu kuti ndi mfiti kapena kuitana sing'anga woti aloze mfiti ndi mlandu. Zikayamba, musadikire kuti zikule. Dziwitsani mfumu, komiti ya chitetezo cha m'mudzi ndi apolisi. Inunso musalowe nawo m'gulu lonena mnzanu.

Zikavuta mupite kuti

Mkangano wa malo a makolo umayambira pansi. Lamulo la Customary Land Act la 2016 linaika bwalo la za malo la dera lotsogozedwa ndi Mfumu Yaikulu, pamwamba pake bwalo la boma lonse, kenako bungwe lalikulu la dziko, ndipo gawo 41 la Malamulo Oyendetsera Dziko likutsimikiza kuti khomo la khoti silitsekedwa kwa aliyense. Milandu ya kumenyedwa, kuba, kugwiririra ndi kulanda chuma cha masiye ndi ya kupolisi, ndipo siyenera kuthera pa mbuzi ya chindapusa. Ofesi ya boma ikakuchitirani zosalungama kapena ikakhalira fayilo yanu popanda chifukwa, gawo 43 likukupatsani ufulu wouzidwa zifukwa mwa kalata, ndipo Ombudsman amalandira madandaulo otere mwaulere. Wokupemphani ya fanta kuti adinde pepala mukamunene ku Anti-Corruption Bureau, podziwa kuti wopereka nayenso ndi wolakwa. Osauka ofuna loya apite ku Legal Aid Bureau, ndipo za kuphwanyiridwa ufulu zimalandiridwanso ndi Malawi Human Rights Commission.

Maofesi ambiri mwa amenewa ali ku Rumphi boma kapena ku Mzuzu, ndipo kuchokera ku Mlowe ndi ulendo wodya ndalama: kufika pa Chiweta, kukwera chitunda cha msewu wa M1, kudutsa Phwezi, kukhotera pa Bwengu ngati mukupita ku Rumphi. Nyengo ya mvula msewu wa kunyanja umavuta. Musanyamuke ndi pepala limodzi. Tengani chiphaso chanu, kalata ya mfumu, pangano lolembedwa, umboni wa malipiro ndi mayina a mboni, mujambulitse zonse kawiri, zenizenizo zitsale ndi inu. Pa ofesi iliyonse lembani tsiku ndi udindo wa amene wakulandirani, ndipo pemphani kuti adinde pa kope yanu kusonyeza kuti dandaulo lalandiridwa.